Saaz, Cascade kapena Citra: Tiponye Uti Mumphika?

Anzanga ofulula mowa, musanagule hops, maluwa a chomera china amene amawawitsa ndi kununkhiritsa mowa, dzifunseni kaye kuti mudzamuponya nthawi yanji. Mukamuwiritsa ola lathunthu, asidi wake wotchedwa alpha amasungunuka n'kuwawitsa mowa, koma mafuta onunkhira amathawa ndi nthunzi. Mukamuponya moto uli pafupi kuzimitsidwa, fungo limatsala. Kusankha kumayambira pamenepo.

Saaz ndi mtundu wa hops wa ku Žatec, m'dziko la Czech, ndipo alpha wake ndi wochepa, pafupifupi 3 kapena 4 peresenti. Ndiye amanunkhiritsa Pilsner Urquell, mowa umene unayamba kufululidwa ku Plzeň mu 1842. Mukamufikisa m'manja mumamva kafungo ka udzu wouma ndi kokometsera pang'ono, kofatsa. Ndimamukonda mu lager yoyera (mowa wofululidwa pozizira), koma sabisa cholakwa. Madzi kapena yisiti zikavuta, lilime limadziwa pompo. Komanso kuti mowa uwawe mokwanira, mumathira wambiri.

Cascade anatulutsidwa ku Oregon, ku America, mu 1972, ndipo mowa wa Sierra Nevada Pale Ale ndi umene unamutchukitsa. Alpha wake amakhala pakati pa 5 ndi 7 peresenti, fungo lake ngati la khungu la grapefruit ndi maluwa. Amagwira konsekonse: kumayambiriro amawawitsa bwino, kumapeto amanunkhiritsa. Woyamba kumene, yambani ndi ameneyu yekha, mumudziwe bwinobwino.

Citra ndiye amasokoneza anthu. Alpha wake amadutsa 11 peresenti, ndiye ena amaganiza kuti ndi wowawitsira. Ine ndinatero ulendo wina, kumuwiritsa mphindi 60, ndipo fungo lonse la mango ndi laimu limene linadzaza chipinda nditangotsegula paketi linapita ndi nthunzi. Ndinatsala ndi mowa wowawa basi, mtima unandiwawa kuposa mowawo. Malo ake enieni ndi kumapeto, kapena m'chidebe yisiti itatsala pang'ono kumaliza ntchito, kumusiya masiku atatu kapena anayi osamuwiritsa. Pamenepo galasi limanunkhira musanalifikitse pakamwa. Kuwawitsa mowa kusiyireni Magnum, hops wa ku Germany, amene amawawitsa mosalala osapikisana ndi mnzake pa fungo.

Chimodzi chokha: Citra wa m'paketi yotsegula sachedwa kuguga. Mpweya ukamulowa amayamba kununkha ngati tchizi chakale. Tsekani paketiyo mwamphamvu, muiike mufiliza.