Busch Quartet ndi Beethoven: mbale za ma 1930, sawundi yakale koma kaimbidwe kake ayi ndithu

Abale okonda nyimbo, papita miyezi ngati 3 chilandirireni kabokosi ka ma CD komwe msuweni wanga anandipezera ku UK mu shopu ya katundu wa kaunjika, ndipo ndakhala ndikumvetsera pafupifupi usiku uliwonse ana akagona, ndiye ndati ndilembeko zomwe makutu anga amva chifukwa ndikudziwa alipo anzanga ena okonda nyimbo za mavayolini koma akangoona kuti chinajambulidwa 1936 basi amadumpha osayesa n'komwe. Ndi ma quartet omaliza a Beethoven, katswiri wopeka nyimbo wa ku Germany, oimba ake ndi gulu la Busch Quartet, ma CD ake ndi a EMI, kampani yomwe nyimbo zake za classical pano zili m'manja mwa Warner Classics.

Kwa amene simunazolowere, quartet ndi anthu 4 basi, mavayolini awiri, viola imodzi (vayolini yokulirapo) ndi cello imodzi (yaikulu ya mawu otsika). Ingoganizani kwaya ya kutchalitchi yoti soprano ali yekha, alto yekha, tenor yekha, bass yekha, palibe wobisala kumbuyo kwa mnzake, ukangophonya aliyense wamva. Apa woyamba ndi Adolf Busch mwiniwake, wachiwiri Gösta Andreasson, pa viola Karl Doktor, pa cello mng'ono wake wa Adolf, Hermann Busch.

Ndiyambe ndi za sawundi poti ndi zomwe anthu amaopa. Ndisakunamizeni, tsiku loyamba ndinakhumudwa. Ndinayika Op. 131 (Op. ndi nambala yomwe nyimbo ya Beethoven imadziwika nayo) ndipo vayolini isanalowe n'komwe kunayamba kumveka shhhh ngati mvula ya mawawa pa malata, apo ndi apo kuthetheka ngati chimanga chikukazingidwa pa phale, mayi akunyumba mpaka anafunsa ngati sipika yaonongeka. Koma ndinapirira, ndipo chomwe chinachitika n'choti patatha mphindi ngati 5 phokoso lija ndinasiya kulimva, osati linatha ayi, lilipo mpaka kumapeto, koma khutu limangolikankhira kumbuyo monga mmene munthu wokhala pafupi ndi chigayo amachezera bwinobwino pomwe mlendo akudandaula.

Phokosolo lili ndi chifukwa chake. Nyimbozi anajambula ku Abbey Road ku London, situdiyo yomwe inatsegulidwa 1931, pansi pa dzina la kampani ya mbale ya HMV, Op. 135 mu 1933, Op. 127 ndi Op. 131 mu 1936, Op. 132 mu 1937. Nthawi imeneyo tepi inali isanalowe m'masitudiyo awo, maikolofoni anali atangoyamba kugwiritsidwa ntchito pojambula mbale mu 1925, ndiye mawu akachoka pa maikolofoni amapita ku singano yomwe imakanda mizere pa mbale ya phula pompopompo anthu akuimba. Kuchoka pa phulapo amapanga chikombole cha chitsulo, kenako n'kudinda mbale za shellac zozungulira ka 78 pa mphindi, zija agogo athu ena ankaika pa galamafoni yopukusa ndi dzanja. Shellac ndi yokhakhala, singano ikamadutsa imalira yokha, ndi shhh ameneyo.

Ndiye pali chinthu china chomwe chimandizunguza mutu ndikachiganiza. Mbali imodzi ya mbale yaikulu imalowa mphindi 4 ndi theka kapena kuposerapo pang'ono basi. Op. 131 ndi nyimbo ya mphindi pafupifupi 40, zigawo 7 zomwe Beethoven analemba kuti ziimbidwe osapumira pakati, ndiye anthu awa amayenera kuima pakatikati pa nyimbo, kudikira aike phula lina, kenako kuyambira pomwe anasiyira ndi liwiro lomwe lija ndi mtima womwe uja, kangapo konse mpaka nyimbo ithe. Ndipo kudula n'kumata monga amachitira lero pa kompyuta kunalibe, wina akalakwitsa kumapeto kwa mbali ndiye kuti mbali yonseyo abwereze kapena aisiye choncho. Pa CD analumikiza zidutswazo bwino, malo ena ukatchera khutu umamva shhh uja wasintha pang'ono mtundu ndiye umadziwa kuti apa anatembenuza mbale, koma nyimboyo siiduka mtima, imayenda ngati anaimba kamodzi n'kamodzi.

Zomwe zikusowa zilipo ndipo ndizinena. Ndi mono, onse 4 akumveka kuchokera pa malo amodzi ngati aima mu mzere pakhomo lopapatiza. Kuwala kwa vayolini kumtunda kwenikweni kulibe, cello akatsika pansi zedi samagunda pachifuwa ngati mmene amachitira pa zojambula zatsopano, ndipo pomwe onse akukhwimitsa uta nthawi imodzi, monga chigawo chomaliza cha Op. 131, mawu amapanikizana n'kumakanda khutu pang'ono. Koma pakati, pomwe pamakhala mawu ofanana ndi a munthu, pali bwino modabwitsa, viola wa Doktor ndimamutsatira popanda vuto. Ndayesapo kumvera ma orchestra ojambulidwa zaka zomwezo ndipo aja amavutika kwambiri chifukwa anthu ambirimbiri akulimbirana kanjira kamodzi, pomwe anthu 4 okhala pafupi ndi maikolofoni makina akale aja amawakwanitsa.

Tsopano kaimbidwe, apa ndiye pomwe ndagonja.

Choyamba chomwe mungamve chachilendo n'choti chala chimatsetsereka pa waya kuchoka pa noti ina kupita pa inzake m'malo modumpha, azungu amati portamento. Oimba ambiri a masiku ano anachepetsa zimenezi, amati n'zachikale. Ine sizinandivute ngakhale pang'ono chifukwa ndi mmene amaimbira amayi a Mvano pa maliro, mawu amakwera mokoka osati ngati munthu akukwera masitepe, ndipo amene munamvapo kaligo akulira mukudziwa chomwe ndikunena. Busch sachita paliponse, amasankha malo, ndipo akatero vayolini imasanduka pakhosi pa munthu.

Chigawo chachitatu cha Op. 132 ndi chomwe ndabwereza kosawerengeka. Beethoven anadwala kwambiri mu 1825, atachira analemba chigawo chimenechi ndipo pamwamba pake analembapo yekha kuti ndi nyimbo yoyamika Mulungu yochokera kwa munthu amene wachira. Munthuyo anali atagontha kale, anamwalira 1827. Imayamba ngati nyimbo ya mu buku la kutchalitchi, manoti aatali aatali, ndipo a Busch amaitenga pang'onopang'ono zedi moti poyamba ndinkaona ngati uta uwathera pa njira, koma sutha, noti iliyonse imafika pa inzake isanazime, anthu 4 akupuma ngati chifuwa chimodzi. Kenako pamabwera kagawo kosangalala, pomwe wodwala uja akumva mphamvu zikubwerera, amadzuka n'kuyesa miyendo, n'kubwereranso ku pemphero lija, ndipo ulendo wachitatu pempherolo likamabwera limakhala lolemera moti ine ndinachita kuimitsa CD n'kukhala kaye chete. Mayi anga anagonekedwa m'chipatala milungu ingapo chaka chatha, ndipo tsiku lomwe anatuluka anakhala pa khonde osayankhula kanthu akungoyang'ana bwalo lawo, nyimboyi ndi nkhope imene ija. Chigawochi chimapitirira mphindi 15, kutanthauza kuti anachiimba moduladula pa mbali zingapo za phula, koma olo mutatchera khutu bwanji simungamve pomwe mtima unazirala.

Chimodzimodzi Lento, chigawo choyenda pang'onopang'ono cha mu Op. 135, yaifupi koma yakuya, amaimba motsitsa ngati akuopa kudzutsa mwana, ndipo apa shhh uja amamveka kwambiri poti nyimbo ili pansi, komabe ndi pomwe sindimulabadira n'komwe.

Si kuti zonse n'zosalala. Mu zigawo zothamanga Adolf Busch nthawi zina amaluma waya mwaukali, pena noti imakhala pambali pang'ono, pena vayolini yake imaphimba anzake. Gulu la lero likanabwereza malo amenewo ka 10 n'kumata pabwino pokhapokha. Koma ine ndaona kuti ukali umenewo ndi wa nyimboyo, Beethoven wa zaka zomaliza si munthu wosalala.

Ndili ndi zojambula zina za nyimbo zomwezi za Quartetto Italiano, za Philips, zakumapeto kwa ma 1960, za stereo, ndipo ndinaziika motsatizana usiku wina kuti ndifananize. Aitaliyana aja sawundi yawo ndi yokoma kwabasi, umachita kuloza kuti vayolini ali uku cello ali uko, chipinda chomwe akuimbiramo umachimva, mawu ofunda ngati bulangete. Munthu amene sanamvepo nyimbozi ndikhoza kumuuza ayambe ndi amenewo, palibe cholakwika, nawonso ndi akatswiri. Koma ndikamvera iwowo ndimati eee koma zikumveka bwino, pomwe ndikamvera a Busch sindinena kanthu.

Pali kankhani kena komwe kanandipangitsa kumulemekeza bamboyu. Adolf Busch anali Mjeremani weniweni, wobadwira ku Siegen mu 1891, wotchuka kwawo, sanali Myuda. Koma Hitler atatenga boma mu 1933 n'kuyamba kuzunza Ayuda, Busch anakana kuimbanso ku Germany, anasiya msika wake waukulu dala. Mnzake woimba naye piyano, Rudolf Serkin, yemwe anadzakwatira mwana wake, anali Myuda. Mu 1939 Busch anasamukira ku America, n'chifukwa chake quartet ina, Op. 130, anakaijambulira ku New York mu 1941 ndi kampani ya Columbia. Ndiye Op. 131 ndi Op. 132 zija anaimba ali munthu woti kwawo anakutaya yekha chifukwa cha chilungamo. Sindikunena kuti zimenezi zimamveka mu waya, koma ine ndikamamvera zimakhala m'mutu mwanga.

Chenjezo kwa amene mukasake pa intaneti, nyimbo zomwezi zatulutsidwa kambirimbiri ndi makampani osiyanasiyana ndipo aliyense amatsuka phokoso mwa njira yake. Ndinapeza ina yoti anachotsa shhh yense, mbee, ndinasangalala kwa mphindi imodzi kenako ndinazindikira kuti pochotsa phokosolo achotsanso mpweya wa vayolini, zikumveka ngati akuimbira mu mgolo wa madzi, kukhudza kwa uta pa waya kulibe. Bandulo yanga inapita pachabe. Ndiye mukamasankha, mvetserani kaye masekondi oyamba, ngati kuli zii ngati manda muikayikire, yomwe ili ndi ka mvula pang'ono kumbuyo nthawi zambiri ndi yomwe yasunga mawu enieni. Ma CD anga a EMI ali pakatikati, anachepetsa kuthetheka koma shhh anamusiya.

Komanso musamvere pa sipika ya foni chonde, kasipika kaja kamakweza phokoso lokhalokha n'kumeza cello yense. Mahedifoni abwinoko kapena masipika a pa wailesi ya kunyumba, treble mutsitseko pang'ono, voliyumu ya pakati, usiku kukakhala bata. Yambani ndi Lento ya Op. 135 ija poti siitalika, ikakugwirani pitani ku Op. 132, Op. 131 muisungire tsiku lomwe muli ndi mphindi 40 zopanda wokusokonezani. Ine ndamutumizira kale uthenga msuweni uja kuti akaona CD ya gulu lomweli likuimba nyimbo ya Schubert, wopeka nyimbo wina, ija anajambula 1936, asaisiye pa shelefu, ndalama ndimubwezera.