Wapalamula ku Dedza, wagwidwa ku Ulónguè: mlandu ukazengedwa kuti?

Munthu waba ng'ombe ku Dedza, wadutsa pachipata cha malire cha Calómuè, apolisi amugwira ku Ulónguè, m'dera la Angónia kuno ku Mozambique. Njira zilipo ziwiri, ndipo anthu amazisokoneza.

Yoyamba ndi kumupereka ku dziko limene anapalamulako, extradição m'Chipwitikizi. Malawi imapempha kudzera m'boma, koma chigamulo chimachokera kukhoti basi. Wapolisi wa pachipata alibe mphamvu yongomukankhira tsidya lina. Ubwino wake ndi wakuti mboni, mwini khola ndi ng'ombe zopezekazo zonse zili komweko. Chopinga chili pa ndime 67 ya malamulo aakulu a Mozambique: nzika ya dziko lino siperekedwa kunja, ndipo ngakhale mlendo saperekedwa ngati mlanduwo chilango chake ndi imfa kapena ndende ya moyo wonse.

Yachiwiri ndi extraterritorialidade, mphamvu ya lamulo kutsata munthu kunja kwa malire. Khoti la kuno lingazenge nzika yake pa zimene inachita ku Malawi, bola ikhale yapezeka kuno ndipo sinaweruzidwepo kale kumeneko. Apa mlandu umafera pa umboni. Zikalata za apolisi a ku Dedza n'za Chingerezi, ziyenera kumasuliridwa, ndipo mboni yopanda ndalama yoyendera sibwera kawiri.