Google Drive inandibwezera mawu a malemu bambo anga, koma 15GB ija imatha msanga

Anandibera foni pa renki ya Copacabana kuno ku Harare madzulo, nthawi ija anthu amakanganirana kombi ya ku Highfield. Ndinazindikira nditakhala kale pampando kuti thumba lapepuka. Foniyo sinandiwawe kwenikweni, inali Samsung yakale yosweka galasi pakona, chimene chinandidula mtima ndi mavoisi a malemu bambo anga pa WhatsApp. Iwo anabwera kuno kuchokera ku Ntcheu akadali mnyamata, mzindawu ukutchedwa Salisbury, ndipo chaka chawo chomaliza maso atafooka ankangonditumizira mavoisi, kundiuza mayina a makolo athu, mudzi wathu, kumene kuli manda a agogo. Zonsezo zinali m'foni yomwe ija.

Mng'ono wanga ndi amene anandiyatsira bakapu ya Google Drive, ija yosunga kope la za pa WhatsApp pa intaneti, kalekale, ine ndinali nditaiwala. Nditagula foni ina ndinabwezeretsa layini yanga, nambala yomweyo, ndikulowa Gmail yomweyo, WhatsApp inangofunsa ngati ndikufuna Restore. Apa samalani anzanga, funsoli limabwera poyambirira pokha, mukadina Skip ndiye mpaka muchotse WhatsApp ndi kuiikanso, komanso nambala kapena akaunti ya Google ikakhala ina bakapu yanu simuiona. Ndinapangira pa Wi-Fi ya kuntchito, mameseji anabwera kaye kenako zithunzi ndi mavoisi pang'onopang'ono. Voisi yoyamba imene ndinatsegula, bambo akutsokomola kaye monga ankachitira, wailesi ikumveka chapansipansi, kenako "wadzuka bwanji mwananga". Ndinatuluka panja kukalira. Pa chimenechi chokha ine ndilibe nayo mawu Google Drive, inagwira ntchito yake.

Koma pali zofunika kudziwa. Malo aulere ndi 15GB ndipo amagawana Gmail, Drive ndi Google Photos, si kuti chilichonse chili ndi akeake ayi. Kale zithunzi zinkalowa mwaulere popanda malire koma zimenezo zinatha pa 1 Juni 2021, ndipo kuyambira kumayambiriro kwa 2024 bakapu ya WhatsApp pa Android nayonso imadya pa 15GB yomweyo. Tsono ganizirani ife amene tili m'gulu la kwaya ya CCAP, gulu la abale a kumudzi, gulu la maliro, mavidiyo a ukwati a mphindi 10 aliyense kutumiza yake, malo aja amadzaza osadziwa, ndipo akadzaza ngakhale maimelo amasiya kulowa. Ine ndinazimitsa Include videos mu WhatsApp, ndipo mu Google Photos ndinasankha Storage saver, imene imachepetsa zithunzi kufika 16MP ndi mavidiyo 1080p, pa foni kusiyana kwake sindikuona. Kuli Google One ya 100GB yolipira pamwezi koma ine sindinafikeko, zimene ndili nazo zikukwana.

Nkhani ina ndi ya data, ndipo kuno ku Harare imeneyi ndiye yaikulu. Ambirife timagula bandulo ya WhatsApp yokha, koma bakapu imapita kwa Google, ndiye imafuna data wamba kapena Wi-Fi. Yanga inali pa Wi-Fi yokha ndipo ndinali patchuthi, kunyumba kulibe Wi-Fi, ndiye bakapu yomaliza inali ya masiku 9 foni isanabedwe. Zithunzi za chinkhoswe cha mwana wa achemwali zinapita choncho, mwamwayi ena anajambulanso. Lowani Settings, Chats, Chat backup muone deti la bakapu yomaliza, musangokhulupirira kuti ikuyenda yokha.

Ndinayatsanso End-to-end encrypted backup, imene imatseka bakapu ndi pasiwedi yanu kuti wina asawerenge. Ndi yabwino koma mukataya foni ndi kuiwala pasiwedi palibe amene angakutsegulireni, ndiye yanga ndinailemba papepala lili mu Baibulo kunyumba.

Ena amati memori kadi ndi yokwanira. Ayi ndithu, yanga inapita limodzi ndi foni. Ina ndinagula motchipa pa shopu ina m'tauni yolembedwa 64GB, itangolandira mafayilo ochepa zithunzi zinayamba kukana kutseguka, inali yachinyengo. Panopa mavoisi a bambo ndinawakopera pa laputopu komanso pa fulashi imene ili kwa achemwali ku Mufakose, kuti kukagwa moto kapena akuba kunyumba kwathu zisapite zonse.

Chinanso chimene ambiri sadziwa, kuyambira Disembala 2023 Google ikhoza kufufuta akaunti imene yakhala zaka 2 osagwiritsidwa ntchito. Ngati muli ndi m'bale amene anatisiya ndipo pasiwedi mukuidziwa, lowanimo mutulutse zithunzi. Ya bambo ndinalowamo sabata yatha ndikupezamo zithunzi zawo ali ndi anzawo pa Mbare Musika akudikira basi, zimene tonsefe sitinazionepo, ndipo ndazitumiza kale kwa azakhali ku Ntcheu.

Google Drive ndikuipatsa 4 pa 5, imodziyo ndachotsa chifukwa cha 15GB ija.