Maphikidwe a ku Sichuan ndi a ku Guangdong: Muyambire Pati?

Munthu amene akufuna kulawa zakudya za ku China koyamba amakumana kawirikawiri ndi maphikidwe awiri otchuka, a ku Sichuan ndi a ku Guangdong.

Ku Sichuan, kumwera chakumadzulo kwa dzikolo, amathira tsabola wambiri pamodzi ndi huajiao, tinjere tochititsa lilime dzanzi. N'zodabwitsa kuti tsabolayo anachokera ku America, ndipo anafika ku China chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500. Ku Guangdong, m'mphepete mwa nyanja kumwera, amalemekeza kukoma kwachibadwa kwa chakudya, choncho nsomba amaiphika ndi nthunzi n'kungoikapo jinja ndi anyezi wamasamba.

Pa mtengo, mapo tofu wa ku Sichuan, chakudya cha soya chophikidwa ndi tsabola, ndi wotsika, pamene nsomba ndi nkhanu zongogwidwa kumene za ku Guangdong zimadula.

Pa kaphikidwe, Sichuan imafuna zokometsera zovuta kupeza monga doubanjiang (phala losasitsa la nyemba ndi tsabola), pamene Guangdong imafuna kusamala nthawi, chifukwa nsomba ikapitirira pamoto mphindi zochepa imauma.

Wokonda tsabola wa kambuzi adzakondwera ndi Sichuan. Koma ana, okalamba ndi ovutika m'mimba ndingawasankhire Guangdong, makamaka dim sum, tizakudya ting'onoting'ono ta m'mawa tomwera tiyi.