Kosi ya EAL ija patatha chaka: atenganso ndalama osandifunsa

Lolemba m'mawa foni inalira, uthenga wakubanki: mapaundi 149 atuluka. M'pamene ndinakumbukira kuti kosi ya pa intaneti yomwe ndinagula chaka chatha, yophunzitsa aphunzitsi kuthandiza ana obwera amene Chingerezi sichiyankhulo chawo (mwachidule amati EAL), imadzilipiritsa yokha chaka chikatha. Inu anzanga kuno ku Leicester mwakhala mukundifunsa za kosiyi, ndiye ndiyankhe kamodzi.

Mavidiyo ndi aafupi, ndimaonera m'basi. Timapepala ta zithunzi timathandiza ndithu. Njira yoyezera mwana kuchokera pa A, wongofika kumene, mpaka E, wodziwa bwino, ndikuigwiritsabe ntchito.

Chimene chinanditsegula maso ndi phunziro la zomwe anapeza Jim Cummins, katswiri wofufuza momwe ana amaphunzirira chiyankhulo chachiwiri. Iye amati Chingerezi chochezera mwana amachitola pafupifupi m'zaka ziwiri, koma cha m'mabuku chimafuna zaka 5 mpaka 7. M'kalasi mwanga ndinali ndi kamnyamata kochokera ku Afghanistan, pabwalo la mpira kolongolola ngati kobadwira konkuno, koma mayeso a sayansi kamangolemba dzina n'kukhala duu. Tonse tinkati ndi ulesi. Nditayamba kukapatsa mawu ovutawo ndi zithunzi phunziro lisanayambe, n'kukalola kukambirana kaye ndi mnzake m'Chidari, pofika teremu yachitatu kanali kokweza mkono. Ndinachita manyazi, chifukwa inenso ndinadutsamo. Kwathu tinkaphunzira m'Chichewa mpaka Sitandade 4, kufika Sitandade 5 zonse m'Chingerezi, ine n'kungoti kakasi.

Koma nkhani ya mlangizi yandikwana. Eni kosiyi analonjeza kuti atipatsa mlangizi woti mwezi uliwonse tizikumana naye pa Zoom kukambirana za ana athu enieni. Chaka chonse takumana katatu. Nthawi zina uthenga wolepheretsa unkabwera nditakhala kale pakompyuta, nditasiya ndiwo pamoto. Tsiku lina lomwe anabwera, ndinamufunsa za mtsikana wa ku Ukraine amene anatha miyezi osayankhula m'kalasi, iye n'kundiwerengera zomwe zili kale m'vidiyo.

Ndinawalembera eni kosiwo kuti andibwezere ndalama. Yankho lawo: ndikanaletsa masiku 30 chaka chisanathe, zinalembedwa m'malamulo awo. Atsogoleri a sukulu akuti alibe thumba lolipirira zimenezi. Chaka choyamba sindikudandaula nacho, kusintha kwa kamnyamata kaja kunandibwezera ndalamazo. Chachiwirichi ayi. Mukagula, tsiku lomwelo zimitsani zodzilipira zokhazo. Ine ndatumizanso imelo yachitatu lero.