Diamond Infinite Edge Pro: uta wabwino, koma musalole kuti akupatseni osakuyezani

Ndapereka nyenyezi zinayi. Ndikanalemba mu Meyi, mkono uli chitupire, bwenzi zili ziwiri.

Mtengo wake mukuudziwa kale inu amene mwazungulirapo m'mashopu a zaulenje ku Pretoria. Kwa ine anali malipiro a miyezi iwiri, kuphatikiza mivi 6 ndi release, kachipangizo kokokera ndi kumasulira nsinga. Ndimagwira ntchito pa famu ya nyama zakutchire kufupi ndi Lephalale, ku Limpopo, yolondola mapazi a nyama ndi kusenda. Zaka zonsezi ndakhala ndikuperekeza alendo obwera ndi mauta awo, ine n'kumangonyamula zomwe alasa. Chaka chino abwana anandilola kuti nyengo yozizirayi ndilaseko njiri imodzi, bola ndiyambe ndawaonetsa kuti mivi yanga ikugwera pamodzi pa mayadi 20.

Mnyamata amene anandigulitsa sanandiyeze n'komwe. Anangondiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kuphazi n'kunena kuti ndine wamtali, kukoka nsinga mainchi 30 kundikwana. Mphamvu yokokera anaimangitsa pa mapaundi 65, akuti munthu wa ntchito ya pa famu sangavutike nayo. Nditapempha kuti ndiponyeko muvi umodzi kuseri kwa shopu, komwe kuli chandamale, anati kwadzaza anthu, ndikayesere kwathu. Nthawi yonseyo maso ake anali pa foni.

Milungu itatu yotsatira inandiwawa. Nsinga inkandimenya mkati mwa mkono wamanzere mpaka unatupa n'kuda bii, moti kugwira mpeni pa ntchito kunkavuta. Kuti ndikoke ndinkachita kulozetsa uta kumwamba, thupi litapendekera kumbuyo, ndipo dzanja lokokera linkapitirira kuseri kwa khutu, lero apa mawa apo. Muvi wina kumanzere, wina pansi, iwiri inalowa m'tchire osapezekanso. Ndinasunthasuntha sight, cholozera cha pa uta, kutsatira mivi, koma ungatsatire bwanji mivi yomwe iliyonse ikulowera kwake? Usiku ndinkagona ndikuwerengera ndalama ija, yomwe ndikanatumiza kumudzi ikanagula matumba a fetereza.

Ndinapempha tsiku, n'kuyenda ulendo wa maola oposa atatu kubwerera ku shopu. Ndinamuonetsa mkonowo. Iye, pamaso pa makasitomala ena, anati uta ulibe vuto, vuto ndi manja anga, ndipo ndigule chotchingira mkono. Ankafuna kundigulitsanso china! Ndinakweza mawu, ndipo sindikupepesa. Munthu wabwera ndi bala, iwe osaugwira n'komwe utawo kuti uone.

Phokosolo ndi limene linatulutsa madala ena amene amakonza mauta m'chipinda cha kumbuyo. Sanalankhule zambiri. Anandiimika pakhoma, anditambasulitsa manja, n'kuyeza kuchokera kunsonga ya chala mpaka kunsonga inayo: mainchi 70. Anagawa ndi 2.5, yankho 28. Ndiye kuti kwa milungu itatu ndinkakoka mopitirira ndi mainchi awiri, chigongono chitawongoka gwa, mkono uli m'njira ya nsinga.

Apa mtima wanga pa utawu unayamba kutsika. Umasinthika kuyambira mainchi 13 mpaka 31, ndi mapaundi 5 mpaka 70, ndipo madalawo anangotembenuza kachitsulo ka pa cam, kagudumu ka kumapeto kwa uta, ndi allen key, osauika n'komwe pa makina opanira. Mphamvu anaitsitsa kufika pa 50. Nditadandaula kuti yachepa, anandikhazika pa mpando n'kundiuza kuti ndikoke mapazi ali m'mwamba, uta utaloza kutsogolo. Pa 50 ndinakoka bwinobwino, pa 65 sindikanatha. Anandikumbutsa chinthu chomwe ndimachiona chaka ndi chaka: m'kanyumba kobisaliramo pa dziwe umakoka utakhala pansi, pang'onopang'ono, m'mawa kukuzizira, nyama ili pomwepo.

Kenako anandiuza kuti nditsinzine, ndikoke, nsinga ikhudze nsonga ya mphuno, chala chikhale pansi pa khutu, ndiye nditsegule maso. Peep, kabowo ka pa nsinga koyang'aniramo polozera, inali pamwamba pa diso langa. Anaitsitsa n'kuimanganso. Mivi nayo inali ya 500 pa muyezo wa kulimba kwa muvi, yofewa kwambiri pa mapaundi 65 aja. Ndinaganiza kuti ndigulanso ina, koma iwo anangoidula kuti ifupike, popeza muvi waufupi umalimba, ndipo pa 50 inakwanira. Tinaponya kudutsa pa pepala katatu, iwo akusuntha pokhala muvi pang'onopang'ono mpaka bowo linatuluka lozungulira.

Kunena zoona, zina zinali zanga. Ndinkafumbata uta ngati mpini wa khasu, ndiye unkapotoka m'dzanja. Anandiphunzitsa kuutsamiritsa pa mnofu wa m'munsi mwa chala chachikulu, zala zili lende. Ndinkamenyanso kakhwethemulo ka release pamene pin, kadontho kolozera ka pa sight, yangofika pakati, m'malo mokoloweka chala n'kupitiriza kukoka ndi msana mpaka muvi uchoke wokha. Ndiponso ndinkatsitsa uta msanga kuti ndione pomwe walasa. Zitatuzi mnyamata uja akanandiuza tsiku loyamba lomwelo, pa mphindi zosakwana khumi. Madalawo anakhala nane maola awiri osandilipiritsa kalikonse.

Tsopano ndimaponya mivi 20 kapena 30 madzulo aliwonse ndikaweruka, ndipo ndikatopa ndimasiya. Pa mayadi 20 imagwera malo oti chikhatho changa chimaphimba. Utawo ndi wopepuka, ukakoka mpaka kumapeto kulemera kwake kumatsika kwambiri moti umatha kudikira nyama itembenuke, ndipo chingouikira bwino tsiku lija palibe chomwe chasuntha. Ma broadhead, nsonga zakuthwa zolasira nyama, ndinawayesa paokha, chifukwa sauluka chimodzimodzi ndi nsonga zophunzirira. Anga ankagwera kumanzere pang'ono mpaka nditakonza. Musapite nawo kutchire musanawayese. Ine amene ndimalondola magazi a nyama zolasidwa m'mimba tsiku lonse, ndikudziwa mmene nyama imavutikira mlenje akaphonya ndi mainchi ochepa chabe.

Sindidzaponyera nyama kupitirira mayadi 25 chaka chino, ngakhale sight ili ndi ma pin atatu. Nswala ndiye sindiyamba nazo, zimagwada zikangomva kulira kwa nsinga, muvi n'kudutsa pamwamba pa msana.

Shopuyo sinandibwezere ndalama ya mivi iwiri ija kapena ya ulendo, ndipo mnyamatayo sanapepese, anangozemba pamene ndinkatuluka. Nyenyezi imodzi yachokera pamenepo. Mukapita kukagula, pitani mkati mwa mlungu, funsani wokonza mauta osati wa pa kauntala, ndipo musatulutse ndalama asanakuyezeni ndi kukulolani kuponya. Abwana anaona mivi yanga Lamlungu lapitali n'kugwedeza mutu. Loweruka lino ndikakhala pa dziwe la kumpoto, kumene njiri zimabwera dzuwa likatentha.