Kakhadi ka TheraBite koyezera kuyasama pambuyo pa radiotherapy

Amuna anga atamaliza masabata 7 a radiotherapy, chithandizo chowotcha khansa ya pakhosi ndi cheza, tinapumira m'mwamba poganiza kuti zovuta zatha, koma patapita miyezi ingapo khosi lawo linayamba kuuma ngati chikopa choyanika padzuwa, ndipo nsagwada zinayamba kukanika kutseguka bwino. Madokotala amalitcha vutoli fibrosis, kutanthauza zipsera zamkati zimene zimadza pamene minofu yopsa ndi cheza ikupola mwa kuunjika ulusi wolimba wa collagen, ndipo limatha kukula mwakachetechete kwa zaka.

Poyamba tinkayeza ndi zala zitatu zosanjikiza pakati pa mano monga anatilangizira kuchipatala, koma zala zanga n'zowonda pamene zawo n'zonenepa, motero sitinkagwirizana ngati zinthu zikuipa kapena ayi. Mayi wotiphunzitsa mafizo ndiye anatipatsa kakhadi ka TheraBite Range of Motion Scale, ka kampani ya Atos Medical ya ku Sweden. Kali ndi kamphako kamene mumakhazika pa dzino lakutsogolo lam'munsi, kenako mumakazunguza mpaka kakhudze dzino lam'mwamba n'kuwerenga mamilimita pomwepo.

Chimene ndakakondera n'chakuti kanaona vuto ife tisanalione. Loweruka lililonse m'mawa, asanadye, ndinkalemba nambala m'kope, ndipo itatsika kuchoka pa 39 kufika pa 34 iwo anali kunenabe kuti ali bwino, ngakhale ndinkaona kuti akutema mbamu zing'onozing'ono za nsima komanso mswachi sukufikanso ku mano a chibwano. Popeza mamilimita 35 kapena kucheperapo ndiwo malire amene madokotala ambiri amati munthu ali ndi trismus, kutanthauza kukanika kuyasama mokwanira, kopelo linachititsa kuti awonjezeredwe mafizo otambasula nsagwada msanga.

Zofooka za kakhadika ndizinene poyera. Ndi kapepala kosayenera kusungidwa nthawi yaitali chifukwa kamafewa ndi malovu, ndipo amene anazulidwa mano akutsogolo asanayambe chithandizo amavutika kupeza pokakhazika pofanana nthawi zonse. Kuuma kwa khosi sikayeza m'pang'ono pomwe. Kumeneko dokotala amapapasabe ndi manja n'kupereka giredi motsatira miyeso ya kukula kwa mavuto odza ndi chithandizo, monga CTCAE kapena LENT-SOMA, pamene makina a ultrasound elastography, oyeza kulimba kwa mnofu ndi manambala, sanafike m'zipatala zambiri. Ndimalakalaka khosi lawo likanakhala ndi muyeso wapafupi ngati umenewu, chifukwa kutembenuka poyendetsa galimoto kukuwavutabe ngakhale pakamwa pabwerera pa 38.